Ndinapereka Mwana wa Eni

Kaning'ina, Mzuzu
Lamulungu masana

Dorika mwana wanga,

Wapita kukatsanzika anzako akwaya, ndiye ndati ndikhale pampando wa malemu bambo ako ndilembe. Sutikesi wamanga bwino, koma juzi yobiriwira ija waisiya pachingwe. Uitenge. Usamati kummwera kulibe mphepo, ine ndinabadwira komweko.

Chifikireni kalata yokuitana kusukulu ija, anthu akhala akundiyamikira kuti mwana watsata ntchito ya mayi ake. Ndimangoti yewo, zikomo wa kuno uja, n'kumwetulira. Koma iwe ntchito yanga umaidziwira kunja. Umaona ndikutuluka m'mawa ndi chikwama cha mafomu, madzulo ndikubwera nsapato zili matope okhaokha. Kusukuluko akakuphunzitsa malamulo, kalembedwe ka lipoti ndi kayenderedwe ka mabanja ovutika. Zimene ndikulembazi sakakuuza. Kalatayi usaionetse munthu, ndipo usaisiye poti wina angaitole, dziko lathu ukulidziwa mmene lilili. Ndikuuza za mayi mmodzi yekha, chifukwa zolakwa zanga zazikulu ndinazichitira pa iyeyo.

Ndinakumana naye iwe uli mu Sitandade 4. Unali mwezi wa Juni, mvula ya mawawa ya kuno ija yosadziwa kukata. Kuofesi kunafika mawu akuti pakhonde la depoti ya mabasi pakugona mayi ndi ana atatu, sabata yachiwiri tsopano. Ndinanyamula fomu n'kupita. Ndinamupeza atakhala pakatoni, wamng'ono ali pamwendo, atsikana awiri okulirapo atafunda chitenje chimodzi. Pambali pake panali simbi ya makala ndi wotchi yapakhoma yokulungidwa m'thaulo. Zimenezo zokha zikanandiuza kuti munthuyu anali ndi nyumba dzulodzuloli. Ine sindinaone. Ndinaima chilili, cholembera kumanja, n'kuyamba kufunsa m'Chichewa changa chakwathu, mokweza chifukwa cha phokoso la mabasi: dzina, mudzi, mfumu. Anati ndi NyaLuhanga. Nditafunsa kuti amuna ake ali kuti, amayi ogulitsa nthochi amene anali pafupi anasiya malonda n'kutchera khutu. Iye anandiyang'ana, anayang'ana amayi aja, n'kunena kuti amuna ake ali paulendo. Ndinalemba momwemo. Zoona zake ndinazimva patatha masiku anayi kwa bambo wosesa padepotipo. Amuna ake anali kalaliki, ndipo m'mawa wina kunabwera anthu pagalimoto n'kuwatenga ali padesiki. Palibe anauzidwa chifukwa chake. Sabata isanathe, nyumba yakuntchito inalandidwa. Kwa apongozi ake ku Rumphi anagonako masiku awiri, iwo n'kumuuza kuti ayambe wapita kwawo mpaka zinthu zizizire. Kwawoko makolo anatha kale, ndipo mlongo wake, mphunzitsi, anatumiza mawu kuti asafike. Dorika, ndinafunsa mkazi wa munthu womangidwa funso limenelo pagulu. Ukafika kwa munthu, yamba wakhala pansi, pomwe wakhala iyepo. Umupatse moni m'chiyankhulo chake ngakhale lilime likupotoke. Fomu ikhale m'chikwama. Funso limene iwe sungafune kuyankha pamsika, usamufunse mnzako pamsika.

Nditabwererako ndinakhala pakatoni paja n'kupepesa m'Chitumbuka changa chothyokathyoka. Anaseka pang'ono, n'kundiyankha m'Chichewa chabwino kuposa Chitumbuka changacho. Wamng'ono uja, Wezi, anali ndi chaka ndi miyezi ingapo, ndipo ankatsokomola chifuwa chouma chosalekeza. Mtima unandiwawa, pakamwa panathamanga. Ndinamuuza kuti pofika Lachisanu ndikhala nditawapezera pogona. Bwana wathu wa nthawi imeneyo sanali munthu woipa, anali ndi ana asanu ndi mmodzi komanso mantha. Atawerenga lipoti langa anatseka chitseko, n'kundiuza motsitsa mawu kuti m'dziko muno mulibe munthu wosowa pokhala, aliyense ali ndi mudzi wake, choncho ndilembe kuti mayiyo akudikira basi. Nditawauza kuti ndi mkazi wa yani, anang'amba lipotilo pakati n'kundibwezera zidutswa kuti ndikakolezere mbaula. Lachisanu lija sindinapite. Manyazi anandigwira. Kwa milungu itatu ndinkazungulira kuseri kwa msika kuti ndisadutse padepoti. Tsiku limene ndinalimba mtima ndinapeza pakhonde pali mbee. Kunkabwera alendo aakulu mtauni, ndiye onse ogona m'makonde anawakweza lole n'kukawatsitsa kunja kwa tauni. Bambo wosesa uja anandiuza kuti Lachisanu lija mayiyo anamanga katundu m'mamawa, anasambitsa ana pampopi, n'kukhala choyang'ana kumsewu mpaka dzuwa linalowa. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, mwana wanga. Usalonjeze chinthu chimene chili m'manja mwa bwana. Koma ukalonjeza n'kulephera, upite ndithu tsiku lomwelo, chimanjamanja, ukanene ndi pakamwa pako kuti zakanika. Munthu amapirira kumva kuti zakanika. Chomupweteka n'kukhala tsiku lonse maso ali kumsewu.

Amene anandipeza ndi NyaLuhanga yemweyo. Mwina ukukumbukira Loweruka lina masana, unkasenda mbatata pakhonde, n'kubwera kudzandiuza kuti kwabwera alendo onyowa. Anali atafunsira mpaka kupeza nyumba ya mama wa welofeya, monga amanditchulira kuno. Khitchini yathu yakuseri ija nthawi imeneyo munali nkhuni ndi makasu basi, denga lake losadontha. Anaiona, ndipo ine ndinaona kuti waiona. Sanapemphe. Ndinawaphikira tiyi, ndinawapatsa mbatata zija, ndinatenga madiresi ako awiri okuchepa n'kupatsa atsikana aja. Nthawi yonseyo maso anga anali kumpanda, chifukwa nyumba yachitatu kuchokera pathu inali ya tcheyamani wa chipani wa dera lino. Ndinaganiza za ntchito. Ndinaganiza za iwe. Bambo ako anali atagona kale kumanda kwathu ku Zomba, kuno tinalibe mbale ndi mmodzi yemwe. Akananditenga ine, iwe ukanakagona pakhonde la yani? Mvula itachepa ndinawaperekeza mpaka ku Mzilawaingwe, kumene ankagona m'nyumba yosatha kumanga, yofolera mbali imodzi, mwini wake atawalola kuti azilondera njerwa. Posiyana anati, "Yewo chomene chifukwa cha tiyi, mama." Mpaka lero sindidziwa ngati ndinayenera kuwatsegulira khitchini ija. Sungatengere kwanu aliyense amene ukumuthandiza, ungathe sabata imodzi yokha. Cholakwa chimene ndikuchidziwa bwino n'chakuti ndinadzinamiza. Ndinkadziuza kuti malamulo a ntchito salola, pomwe anali mantha. Ukadzakana munthu, Dorika, uzidziuza zoona za chimene chakukanitsa. Mantha obisa amakutuma kufunafuna njira ina yodziyeretsera, ndipo ndi mmene ine ndinafikira pa cholakwa chachikulu.

Chifuwa cha Wezi chinakula. Anagonekedwa kuchipatala kawiri, ndipo namwino anandiuza mosabisa kuti akabwerera kukagona pasimenti yonyowa ija, Khirisimasi sadzaiona. Kutchalitchi kwathu kunali banja la a Makwinja, anthu a ku Balaka, okhala ku Geisha mu Mzuzu momwemuno. Bambowo ankagwira ntchito m'sitolo yopikulitsa katundu. Zaka khumi ali m'banja, mwana ayi. Anali anthu abwino, ndipo ndikunenabe kuti anali abwino. Ndinaona ngati Mulungu wandipatsa yankho. Ndinapita kwa NyaLuhanga katatu. Ndinamuuza kuti n'zakanthawi chabe, kuti ku Geisha si kutali, azikamuona Lamulungu lililonse. Ulendo woyamba anakana. Wachiwiri anangolira. Wachitatu ndinanena mawu amene ndikanakonda ndikanawameza: ndinamufunsa ngati akufuna mwana wamoyo kwa eni kapena wakufa kumsana kwake. Kenako anamasula mwana kumsana n'kundipatsa, pamodzi ndi kapu yake yapulasitiki, nati, "Samwa tiyi wotentha, mama. Aziwuzira kaye." Mwanayo ndinamubereka ine mpaka ku Geisha. Popeza bwana anali atanena kuti nkhaniyi kulibe, sindinalembe kalikonse. Panalibe pepala, panalibe mboni.

Miyezi yoyamba zinayenda. Wezi ananenepa, chifuwa chinatha. Mayi ake ankapita Lamulungu lililonse, n'kukhala pakhonde, Mayi Makwinja akuwapatsa mwanayo ola limodzi ngati chinthu chobwereka. Ine ndinkadziyamikira mumtima kuti ndapulumutsa moyo. Kenako a Makwinja anawasamutsira kummwera, mwadzidzidzi monga zinkachitikira masiku amenewo: kuuzidwa Lachitatu, lole kufika Lachinayi. Ine ndinali ku Nkhata Bay kusemina ya sabata imodzi. NyaLuhanga anafika Lamulungu n'kupeza makatani achilendo m'mawindo. Lolemba anabwera kuofesi. Sanakuwe, sanatukwane. Anaima pakhomo n'kufunsa m'chiyankhulo chake, "Mama, mwana wane wali nkhu?" Kufunsa kuti mwana wanga ali kuti. Mkazi wa womangidwa akanakadandaula kwa yani? Ndinalemba makalata ku adiresi imene ndinaipeza kutchalitchi. Yoyamba anayankha kuti mwana ali bwino, enawo anapita osabwera yankho. Mvetsa pamenepa, mwana wanga, ngakhale zina zonse uiwale. Umphawi wa mayi si chilolezo chomuchotsera mwana. Ukapeza mayi ndi mwana ali pamphepo, ufune denga la onse awiri. Ikadzafika nthawi yoti mwana achokedi, pakhale pepala, pakhale mboni, mayi adziwe khomo limene mwana wake walowa ndi tsiku limene adzatulukemo. Ndipo uzichenjera ndi yankho limene lapepuza mtima wako kuposa mtima wa mwini vuto.

Zaka zimenezo ndi zomwe unkati amayi ndi aukali. Tsiku lina unasiya nyemba m'mbale ukuti zapserera, ine n'kukumenya ndi chipande, ndikukuwa kuti ana anzako akugona panjerwa. Unali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sunadziwe kuti ndi ana ati. Unatsuka mbale ukulira, ndipo kuyambira pamenepo unasiya kundiuza za kusukulu. Ndinaona, koma sindinapepese. Ndikupepesa lero. Pepa, Dorika. Nyemba zija zinapsereradi. Vuto linali lakuti ndinalibe womuuza. Kuofesi tinkaopana tokhatokha. Pakati pa amayi akutchalitchi munthu sunkadziwa kuti mawu ako akafika kuti. Kwathu ku Zomba ndinkangolemba kuti kuno kukuzizira. Ndinkabwera madzulo nditasenza nkhani za anthu tsiku lonse, m'nyumba n'kupezamo mwana yekha, katundu yense n'kumutula pa iwe. Ntchito imeneyi ndi yaumodzi kuposa mmene ukuganizira. Umakhala pakati pa anthu kuyambira m'mawa, aliyense kukukhuthulira zake n'kupita, koma iwe pokhuthulira ulibe. Ukapeze munthu mmodzi, mmodzi yekha, amene ungamuuze kuti lero ndalakwa. Uyambe wamuyesa ndi zazing'ono, uone ngati zikubwerera kudzera kwa ena. Ndipo ukadzakhala ndi ana ako, usanalowe m'nyumba uziima kaye panja, usambe kumaso, ulowe uli mayi wawo.

Amuna a NyaLuhanga anawatulutsa patapita zaka zinayi, monga momwe anawatengera, popanda mawu. Anabwera kuofesi onse awiri. Bambowo anali ataonda, mano akutsogolo palibe, chipewa chili m'manja. Anandithokoza kuti ndinasamala banja lawo iwo kulibe, ndipo ndinalakalaka akananditukwana. Kenako anafunsa mwaulemu ngati kungatheke kudziwa kumene kuli mwana wawo wotsiriza. Ndinatenga tchuthi. Ndi nthawi ija ndinakusiya kwa aphunzitsi ako a masamu ndikuti ndikukaona agogo ako. Ndinakunamiza. Ndinayenda Balaka, ndinayenda Liwonde, ndikufunsa m'masitolo ndi m'matchalitchi, mpaka ndinakawapeza ku Luchenza. Wezi anali atatsala pang'ono kuyamba sukulu. Ankatchedwa Mphatso, anali ndi nsapato ndi riboni m'mutu. Mayi Makwinja atandiona pageti anangokhala pansi padothi. Sanakane. Anapempha masiku awiri okha, ndipo masiku awiriwo anachapa ndi kusita zovala zonse za mwanayo, n'kumuluka tsitsi. Ponyamuka sanatuluke m'nyumba. Mwana mmodzi yemweyo ndinamuchotsa kwa amayi awiri, Dorika, ndi manja omwewa amene ndikulembera. M'basi njira yonse ankandifunsa kuti tibwerera liti.

Titafika ku Mzilawaingwe, kumene tsopano ankachita lendi chipinda chimodzi, NyaLuhanga anagwada pansi n'kutambasula manja, akumuitana dzina lake lakale ndi mawu achitumbuka amene ankamutonthozera ali khanda. Mwanayo anathawira kumbuyo kwanga n'kugwira chitenje changa. Ine ndinkayankhula ngati amayi ake a ku Luchenza, pomwe womubala anali mlendo. Anandifunsa chonong'ona, "Anti, mayi awa akuti chiyani?" Ndinamasulira. Ndinaima pakati pa mayi ndi mwana wake n'kumamasulira, bambo ake ali pakhomo akupinda chipewa chija. Kwa miyezi itatu ndinkapitako ndikaweruka, chifukwa mwanayo sankadya ndisanafike. Kenako ndinayamba kudumphitsa masiku dala kuti azolowere. Tsiku lina ndinafika iye akusewera ndi akulu ake, anandiyang'ana n'kupitiriza masewera osadzuka. Ndinabwerera ndikulira njira yonse, ndipo sindingakuuze ngati chinali chimwemwe kapena chiyani. Usaiwale zimenezinso: ntchito yathu yatheka pamene munthu waleka kukufuna. Palibe adzakuuze kuti zimawawa, koma zimawawa.

Lero Wezi ndi mtsikana wasukulu, Chitumbuka chili pakamwa ngati sanachokepo. Bambo ake ntchito yakuofesi sanaipezenso, amasoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Mayi Makwinja amandilembera kamodzi pachaka kufunsa kuti mwanayo akuvala nsapato nambala yanji, ndipo ndimawayankha. NyaLuhanga amagulitsa usipa ndi tomato mumsika. Timapatsana moni bwinobwino. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, komanso sanandiitanepo kuti tidye pamodzi. Zonse ziwirizi ndimazimvetsa.

Usaganize kuti ndi zokhazi zimene ndinachita pazaka zonsezi. Alipo mabanja amene ndinawathandiza bwino, ena amandiimitsa pamsewu n'kundionetsa ana amene anakula. Koma amenewo sanandiphunzitse zambiri, ndipo nkhani zawo unazimva kale patebulo. Zimene ndinkabisa ndi izi. Sindikukuletsa. Pita ukaphunzire, amayi ogona m'makonde alipo ngakhale malipoti athu amati kulibe, ndipo akufunika munthu wodziwa kukhala pansi. Ukakamva akuti tilembe kuti akudikira basi, sindikuti ukangane ndi bwana, ndikufuna ukhale ndi moyo. Koma iwe mumtima mwako uzidziwa chimene waona, ndipo uzibwererako.

Zina ndi zazing'ono. Uzidya m'mawa. Mutu ukayamba kuwawa usamati ndi kutopa, kummwerako udzudzu ndi wambiri kuposa kuno. Anyamata akamakuuza kuti uli ndi mtima wabwino, uyambe waona ngati akumvetsera ukamayankhula. Ukapata mpata ukafike kumanda kwa bambo ako, ukazule udzu, ine zaka zitatu zatha ndisanafikeko.

Lachinayi lapitali ndikugula usipa woti utenge, ndinamuuza NyaLuhanga kuti mwana wanga akupita kukaphunzira ntchito yangayi. Anapitiriza kuthira usipa papepala, mpaka ndinaganiza kuti sanamve. Kenako anatapanso kambale kena n'kuwonjezera. Anati, "Uyu ndi wa mwanayo. Kweni mumuuze zonse, mama. Zonse."

Ndakuuza. Kalatayi ndiika pansi pa zovala zako kuti ukaipeze utafika, chifukwa sindikanatha kukuyang'ana ukuwerenga. Mwina ukamaliza ukandiona ndi diso lina. Ndalolera. Ngati ukafune kukhala chete kwakanthawi usanandilembere, ndimva, ndidikira. Kuyambira mawa ndiziphika za munthu mmodzi. Muyeso wake sindiudziwa, koma ndiphunzira.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge pamene ine sindifika.

Ndine amene ndinakubala,
mayi ako.